Mpando umene Odessa Tillman anakana kukhalapo

Odessa Tillman anayamba kuvina asanadziwe kulemba dzina lake, pasimenti ya kuseri kwa shopu ya bambo ake yosokera nsapato mumzinda wa Cleveland. Gule wake anali uja wa nsapato zokhomedwa tizitsulo kunsi, woti mapazi ndiwo amaimba ng'oma. Gule ameneyu anamutengera ku New York ali mtsikana, ndipo kumeneko anavina zaka khumi ndi zitatu pamzere wakumbuyo m'zisudzo zikuluzikulu, kuseri kwa anthu amene maina awo ankayaka ndi magetsi pakhomo. Zisudzo zikasowa ankavina m'mabala. M'bala ina ya ku Harlem ndimo anadziwana ndi Dell Rucker, wanthabwala wowonda amene masiku amenewo anali ndi jekete imodzi yokha. Nthabwala za Dell zikakana kupsa, zidakwa n'kuyamba kumukuwiza, Odessa ankalumphira pasiteji n'kugogoda mapazi mpaka mabotolo abwerere pamatebulo. Ankaitanana kuti mlongo, ndipo ambiri ankayesa kuti ndi a bere limodzi.

Mwayi unayamba kugwera Dell. Mu 1981 anamuitana ku Los Angeles n'kumupatsa sewero lakelake la nthabwala pa wailesi ya kanema, lotchedwa Pakhomo pa a Pruitt. Iye ankasewera ngati bambo Pruitt, wogwira ntchito ku positi, wokhala ndi mkazi, ana atatu, ndi mlongo wake wosakwatiwa, Azakhali Vernice, amene anabwera kudzacheza sabata imodzi koma osachokanso. Dell anamenyetsa nkhonya patebulo kuti Vernice akhala Odessa, apo ayi sewero lisakhalepo.

Azakhali Vernice sankalowa m'chipinda ngati anthu ena. Chitseko cha kukhitchini chikangotseguka, nsapato zinkayamba kulira, ndipo anthu mazana atatu obwera kudzaonerera m'situdiyo ankawomba m'manja iye asanatsegule n'komwe pakamwa. Ankavina atanyamula mbale, ankavina akukangana ndi mlamu wake, ankavina akutsika masitepe tsitsi lili nyankhalala. Ntchito inkayenda motere: Lolemba kuwerenga mapepala a sewero la sabata imeneyo patebulo lalitali, Lachiwiri mpaka Lachinayi kuyeserera, Lachisanu masana kujambula pamaso pa anthu. Zaka ziwiri zinadutsa bwino. Odessa ndi mwamuna wake Clifton Mayhew, woyendetsa basi ya mumzinda, anagula nyumba ku Inglewood, yokhala ndi mtengo wa mandimu pabwalo ndi chipinda chimodzi chimene anachipaka utoto wachikasu n'kuchitseka. Kawiri konse Odessa anaima, ndipo kawiri konse anapita padera.

Chaka chachitatu cha sewerolo anaimanso, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Anadikira miyezi inayi osauza munthu kupatula Clifton ndi Dell, kenako anakagogoda pa ofesi ya Warren Dussault, bwana wa sewerolo, amene ankalemba anthu ntchito ndi kuwachotsa. Warren anali munthu wa mawu ofewa, woti sanamvekepo akukalipa. Anamupeza akusenda lalanje.

"A Warren, ndili ndi pakati. Miyezi inayi."

"Zoona? Ndakondwa, Dessa, ndakondwa kwambiri." Anapitiriza kusenda. "Koma Vernice ndi mbeta. Mbeta yopemphera, yoimba kwaya. A kampani ya sopo amene amalipirira sewero lino akamva kuti Vernice ali ndi mimba yopanda mwini, mawa lomwe atithawa."

"Mumukwatitse. Olemba anu asanu ndi mmodzi aja ntchito yawo n'chiyani?"

"Akakwatiwa achoka pakhomo pa mlongo wake, sewero latha. Usadandaule, tibisa. Muno timabisa njovu, nanji kamimba."

Anabisadi. Vernice anayamba kulowa atanyamula dengu la zovala, sabata yotsatira mphika wa maluwa, kenako chikwama chachikulu ngati cha munthu wosamuka. Ankalankhula ataima kuseri kwa sofa, kapena atatsegula chitseko cha furiji. Dokotala anali atamulola kuvina pang'onopang'ono, koma Warren anati mimba imaonekera munthu akamazungulira, n'kuchotsa gule yense. Yolanda Esparza, mayi wachikulire woyang'anira zovala, anamulanda nsapato zazitsulo zija n'kumupatsa masilipasi a nsalu.

"Si ine, mwana wanga, ndauzidwa," anatero Yolanda, osamuyang'ana kumaso.

Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi nkhope ya Odessa inadzaza, manja ananenepa, ndipo oonera kunyumba anayamba kulemba makalata ofunsa chimene akudya Vernice. Olemba sewero aja, amuna okhaokha amene ankatandala m'chipinda chodzaza utsi wa fodya, anaona kuti agwa m'mbale. Sanavutikenso ndi madengu. Vernice wanenepa, basi, imeneyo ndiyo inakhala nkhani. Lolemba lililonse mapepala ankabwera ndi nthabwala zatsopano, ndipo wozinena anali Dell.

"Vernice, sikelo ya kubafa ija yalemba kalata yosiya ntchito."

"Dzulo mlongo wangayu anaima pazenera, aneba n'kuyatsa magetsi kuyesa kwada."

Anayamba kumudyetsa pamaso pa kamera, keke, miyendo ya nkhuku, makaroni a tchizi, iye chilungulira chikumuwotcha pakhosi. Kamera ikayang'ana kwina ankalavulira m'ndowa imene anamuikira kuseri kwa khoma la matabwa. Anthu ankaseka. Ankaseka kuposa mmene ankawombera m'manja gule uja, ndipo Odessa, amene moyo wake wonse anauthera pofuna kuti anthu akondwe, anayamba kudana ndi phokoso limenelo.

Loweruka lina m'mawa Clifton anaponya paipi yothirira mandimu pansi, madzi akutuluka.

"Dzulo mayi wina m'basi mwanga akuuza mnzake kuti, mwamuona Vernice, akudya ngati nkhumba ya Khrisimasi. Basi yonse kuseka. Ndinatsala pang'ono kuwatsitsa onse pakati pa msewu. Siya ntchitoyi, Dessa."

"Kwatsala masewero asanu, kenako tchuthi. Ndibereka, ndibwerera, ndivala nsapato zanga. Ndinadikira zaka khumi ndi zitatu kuti ndiime kutsogolo, Clif. Sindichoka chifukwa cha ana asukulu asanu ndi mmodzi osuta fodya."

Anameza malovu masabata awiri enanso. Lolemba lachitatu mapepala anali a phwando la nkhukundembo, tsiku lothokoza Mulungu, banja lonse la a Pruitt litazungulira tebulo. Odessa anawerenga mpaka chakumapeto, n'kuima. Zinalembedwa motere: bambo Pruitt aimirira n'kupempherera chakudya, onse atatsinzina. Akatha akhala pansi. Vernice, amene waima pambali pawo ndi mbale yodzaza, akhala nayenso, mpando uphwasuka, iye agwa chagada miyendo m'mwamba. Pamenepo bambo Pruitt anena kuti, ana inu musachite mantha, chivomezi chatha.

"A Warren, apa palembedwa kuti ndigwa."

"Eya. Mpando wake ndi wochekacheka kale, umangophwasuka wokha. Pansi pa kapeti tiikapo kamatiresi."

"Ndili ndi miyezi isanu ndi iwiri."

"Dessa, ndiwe wovina. Kugwa ukukudziwa kuposa tonsefe muno."

"Ndimadziwa kugwa ndili ndekha. Pano tili awiri."

Mmodzi wa olemba aja anaseka n'kuyamba kulemba mawuwo pakapepala. Odessa anamucheukira.

"Lemba, lemba. Ulembenso kuti amayi ako anagwa pampando ali ndi mimba yako, mwina anthu amvetsa chimene chinachitika ndi mutu wakowo."

Warren anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi yake.

"Sitiyeserera kugwako. Kamodzi kokha, Lachisanu, basi. Ukakana, pangano lako la ntchito likunena momveka bwino za munthu wokana zolembedwa, ndipo sindikufuna tifike kumeneko. Muno ndife banja."

Odessa anayang'ana Dell. Dell ankatakasa khofi amene anali atazizira kalekale.

Anamutsatira kuchipinda chake chovalira, osagogoda. Anamupeza ali pagalasi akukonza wigi yake, chifukwa Dell anali ndi dazi limene dziko lonse la Amereka silinkalidziwa.

"Mlongo, wangokhala duu ngati mtembo."

"Ndinene chiyani, Dessa?"

"Unene kuti ayi. Liwu limodzi. Dzina lili pageti paja ndi lako. Ukatsokomola iwe, Warren ndiye amamwa mankhwala."

"Sizili choncho masiku ano. Akufuna kutisuntha, atiike Loweruka, kumanda kwa masewero. Anthu makumi asanu ndi limodzi amadyera pa sewero lino. Ndipo pali kamatiresi pansi. Ku Harlem unkagwa pasimenti osadandaula."

"Ku Harlem ndinkagwa kuti iwe usagendedwe."

"Ndiye sindinakubwezere? Anakuchotsa pamzere wakumbuyo ndani? Pakanapanda ine bwenzi ukuvinabe kuseri kwa misana ya anthu."

"Ndinakupempha kuti udzaimire mwana ameneyu pa ubatizo. Unalira misozi m'khitchini mwanga, mamina chuchuchu, mpaka Clifton kukupatsa kansalu kopukutira mbale."

Dell sanacheuke. Analankhula ndi galasi.

"Kamodzi kokha, mlongo. Ugwere chammbali."

Odessa anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha pakhoma chinagwa. Atauza Clifton madzulo ake, Clifton anatenga sipanala ya mateyala n'kulunjika kugalimoto, ndipo Odessa anachita kuima pakhomo kuti amuletse. Anamulonjeza kuti sagwa. Maganizo ake anali osavuta: Lachisanu nthawi yokhala pansi ikakwana, angoima njo, osakhala, makamera azijambula munthu woimirira mpaka Warren atatopa.

Lachisanu masana Yolanda akumuveka diresi yaikulu ya maluwa anamunong'oneza kuti mipando yonse ya patebulo ndi yofanana, koma wochekedwawo aumata katepi kofiira kumwendo wakumbuyo.

"Ndauona ndi maso anga, mwana wanga. Kamatiresi kakenso n'kopyapyala ngati buledi wa kuchipatala. Ine ndabereka ana asanu, sindikanakhalapo."

Anthu anadzaza m'mipando, magetsi anayaka, makamera atatu anayamba kuyenda. Sewero linayenda bwino mpaka patebulo. Nkhukundembo inali pakati, ana atatu aja atakhala, Lenore amene ankasewera ngati mayi Pruitt atakhala kumapeto. Dell anaima kumutu kwa tebulo, mpando wake uli kumbuyo kwake, Odessa ataima pambali pake ndi mbale yake, mpando wa katepi kofiira ukumudikira. Dell anali atatenthedwa ndi kuseka kwa anthu, ndipo akatenthedwa ankawonjezera zake zosalembedwa.

"Mayi a ana, bwanji mwaphika nkhukundembo imodzi yokha? Oo, pepani, inayo Vernice wameza kale yathunthu."

Anatambasula dzanja n'kumenya mimba ya Odessa kawiri, pha pha, ngati munthu woyesa chivwende pamsika. Anthu anafa nacho chikhakhali.

Olemba aja sankadziwa kanthu, Warren analibe mtima, koma dzanja ili linali la munthu amene ankadziwa bwino chimene chinali m'mimbamo, ndi za mimba ziwiri zija zimene zinapita padera.

"Titsinzine," anatero Dell m'mawu a bambo Pruitt, n'kutsinzina. "Ambuye, tikuthokoza chifukwa cha chakudya ichi, ndi chifukwa cha onse amene mwatipatsa kuti atithandize kuchimaliza."

Odessa sanatsinzine. Mbale ili m'manja, anatambasula phazi lamanzere n'kukola mwendo wa mpando wa Dell, n'kuukokera kumbuyo. Masilipasi a nsalu aja sanalire, kapetinso inameza phokoso. Ndi phazi lamanja anakankha mpando wa katepi kofiira pang'onopang'ono mpaka unaima kumbuyo kwa mawondo a Dell, kenako anazunguliritsa winawo n'kuubweretsa pamalo pake. Mapazi amenewo anali atakhala miyezi itatu osagwira ntchito, koma sanaiwale kanthu. Lenore anatsegula diso limodzi, anaona zonse, n'kulitsekanso.

Anthu oonerera anayamba kuseka chamumtima, kenako mokweza. Dell anayesa kuti akuseka pemphero lake, ndiye analitalikitsa, kupempherera positi, agalu oluma, ngakhale apongozi. Atakhutira anati amen, n'kudziponya pampando ngati mwini nyumba.

Khu! Miyendo inayi inabalalika. Pamalo pamenepo panalibe kamatiresi. Dell pogwa anagwira nsalu ya patebulo, mbale ya msuzi n'kumutsatira mpaka pachifuwa, wigi n'kuuluka kukatera pafupi ndi kamera yachiwiri. Anagona chagada, miyendo m'mwamba, dazi likung'anima ndi magetsi.

Odessa anakhala pampando wolimbawo mosafulumira, anaika mbale yake patebulo, n'kuyang'ana ana aja.

"Ana inu musachite mantha," anatero m'mawu a Vernice. "Chivomezi chatha."

Situdiyo inagwedezeka. Ena anaimirira, ena anagwira m'mimba, bambo wina pamzere woyamba anagwada pansi akutsokomola. Kusekako kunatenga pafupifupi mphindi ziwiri, ndipo Warren, amene anali ndi mphamvu zoimitsa makamera, sanawaimitse.

Kuseri kwa siteji Dell anakhala pabokosi atagwira dzanja lamanja limene linali litayamba kale kutupa, msuzi ukudontha m'malaya.

"Ukanandipha, mfiti iwe!"

"Wathyoka chiyani?"

"Dzanja! Sukuona?"

"Iwe dzanja. Ndikanagwa ine akanathyoka ndani?"

"Pamaso pa anthu, Dessa! Tsitsi langa pamaso pa anthu!"

"Masabata asanu ndi limodzi ndakhala nkhumba pamaso pa dziko lonse, iwe ukundiloza ndi chala. Dazi la mphindi ziwiri likukuwawa?"

Warren anafika, manja m'thumba, n'kuuza Odessa mofatsa kuti apite kunyumba akapume.

Lolemba m'mawa Odessa atafika kuntchito, mlonda wa pageti sanakweze chitsulo chotchinga njira. Anatuluka m'kanyumba kake ndi katoni, m'menemo muli kapu ya Odessa, chithunzi cha ukwati wake ndi nsapato zazitsulo zija, zimene Yolanda anazikulunga bwino m'pepala. Pafoni Warren anati nzomvetsa chisoni, koma munthu wovulaza mnzake dala sangakhale m'banja. Odessa anamufunsa kuti woika mayi woyembekezera pampando wochekedwa amakhala m'banja liti. Warren anamufunira mafuno abwino n'kudula foni.

Chimene chinamupsetsa mtima koposa chinabwera patapita masabata atatu. Iye ankaganiza kuti sewero lija alitaya. Analionetsa. Anangodula pamene wigi inkauluka, koma zina zonse anazisiya: phazi lokola mpando, pemphero lalitali, kugwa, ndi mawu omaliza aja. Linakhala sewero loonedwa ndi anthu ambiri kuposa ena onse a Pakhomo pa a Pruitt, ndipo za kusunthidwa Loweruka sizinamvekenso. Chaka chotsatira amuna asanu ndi mmodzi aja anakwera pasiteji atavala masuti akuda kukalandira mphoto ya kulemba bwino, chifukwa cha sewero lomwelo. Mmodzi wa iwo, yemwe uja wa kapepala, anauza atolankhani kuti ganizo losinthanitsa mipando linamubwerera ali m'bafa. Odessa anaponya silipasi pagalasi la kanema.

Kwa oonera ananena kuti Vernice wapita ku Memphis kukaona achibale. Atabwerako anali mkazi wina, woonda, wocheperapo msinkhu, dzina lomwelo, diresi zomwezo. Kuvina sankatha. Kamera inkamujambula kuyambira m'chiuno kupita kumtunda akugwedeza mapewa, phokoso la nsapato n'kuliika pambuyo pake kuchokera pa matepi akale. Odessa anamva mapazi ake akulira pansi pa thupi la munthu wina, ndipo anauza Clifton kuti achotse kanemayo pabalaza.

Mwana anabadwa mu Januwale, wamkazi, wathanzi, wolira mokweza. Anamutcha Corliss. Mu Malichi, tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, galimoto yaitali inaima pakhomo, Dell n'kutsikamo akukankha kangolo ka mwana katsopano, koikidwa riboni. Odessa anamulandirira pakhonde, mwana ali paphewa, osamupatsa mpando.

"Ndabwera kudzaona mwana wanga wa ubatizo."

"Anabatizidwa sabata yatha. Anamuimira mchimwene wake wa Clifton."

Dell anayang'ana pansi. "Mlongo, zinthu zinangothamanga. Ine sindinanene kuti akuchotse."

"Unanena kuti asandichotse?"

"Ndinali ndi pulasitala kudzanja, mutu sunkagwira."

"Pulasitala anakumanga dzanja, sanakumange pakamwa."

"Ndalankhula ndi Warren. Akuti ukalemba kalata yopepesa, yaifupi chabe, mwina chaka chamawa ungadzaonekere kamodzi kapena kawiri, ngati msuweni wochokera kwina."

"Msuweni wa Vernice."

"Eya."

"Ndipepese, kenako ndikaime pambali pa mkazi wovala diresi yanga, wovina ndi mapazi anga, n'kumutchula dzina langa." Anasintha mwana phewa. "Dell, tenga ngolo yakoyo. Ukamukwezemo Warren, uzimukankha, ndiye mwana amene umamulera."

Dell anaisiya pakhonde pomwepo n'kupita. Odessa anaikankhira kumsewu, ndipo pofika madzulo wina anali ataitola.

Mbiri inamuyendera patsogolo. M'maofesi onse a masewero mumzindamo dzina lake linali ndi liwu limodzi pambali: wovuta. Ankapita kukayesedwa, ankawerenga bwino, anthu ankaseka, kenako wina ankafunsa kuti, si inu munathyola Dell Rucker dzanja? Foni sinkalira. Atafuna kuyambiranso kuvina anapeza kuti mimba inamukulitsa mapazi, nsapato zake zonse zikumuthina. Anagula zina n'kuyambira pamene anayambira kale. Anavina ku Las Vegas miyezi isanu ndi umodzi, Clifton akulera mwana ndi chemwali wake. Anayenda ndi gulu la zisudzo pabasi m'mizinda yozizira, akusintha hotela masiku atatu alionse. Pakati pa maulendowo ankaphunzitsa gule m'holo ya tchalitchi ku Inglewood, ndipo ophunzira ake ankamuopa, chifukwa phazi likachedwa pang'ono ankalimva ngakhale atafulatira.

Panapita zaka zisanu ndi zinayi asanaonekenso pa kanema. Pakhomo pa a Pruitt linali litatha, Warren atapuma ntchito n'kukakhala kunyanja ndi maboti ake, ndipo achinyamata olemba anthu ntchito sankadziwanso nkhani ya mpando. Anayamba ndi tizigawo ta mizere iwiri: namwino, woweruza milandu, mayi wokwiya pamzere wa ku banki. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anapatsidwa gawo lenileni m'sewero lina la nthabwala, ngati mwini malo ochapira zovala, ndipo analisewera zaka zisanu ndi ziwiri. Pangano lake anachita kulilembetsa kuti palibe nthabwala yonena za thupi lake imene idzanenedwe iye asanaivomere, ndipo ambiri mwa mapepala a Lolemba ankabwerera kwa olemba atakhwatchidwa ndi cholembera chofiira.

Dell anamwalira ndi matenda a mtima chaka chachiwiri cha sewero limenelo. Odessa anapita kumaliro, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo analira mpaka Corliss, amene tsopano anali wamkulu, anachita kumugwira mkono potuluka. Pakhomo la tchalitchi anakumana ndi Warren, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Warren anatambasula dzanja. Odessa analiyang'ana dzanjalo mpaka mwini wake analibweza.

Sabata yotsatira mtolankhani wina wachitsikana anabwera kusitudiyo kudzamufunsa za malemuyo. Odessa anamuuza za Harlem, za jekete imodzi, ndi kuti panalibe munthu wodziwa kudikira nthabwala kuti ipse ngati Dell Rucker. Mtsikanayo analemba zonse, kenako anafunsa mwaulemu ngati tsopano, patapita zaka zonsezi, anawakhululukira anthu a sewero lija.

"Mwana wanga ali moyo chifukwa sindinawamvere," anatero Odessa. "Mulembe kuti ayi."

"Ngakhale a Rucker, poti atisiya?"

"Ndamulira, imeneyo ndi nkhani ina. Mulembe kuti ayi, ndipo musakongoletse."

Wina anagogoda pachitseko kunena kuti akumudikira pasiteji. Odessa anatenga mapepala ake a sabata imeneyo n'kusiya mtolankhaniyo akulembabe.